Nati Imene Anamanga Malemu

Linali Lachisanu, pa 23 Okotobala 1998, nthawi itangokwana 7 koloko m'mawa, pamene ndinaimika galimoto pakhomo la a Namakhwa ku malaini a esiteti yathu, mbali ya ku Khwethemule. Ine ndinali dalaivala wa pa esitetipo. A Namakhwa anali makaniko wa ku galaja kwathu, ndipo anamwalira Lachinayi kusanache, m'nyumba mwawo momwemo, atadwala chifuwa nthawi yaitali. Ntchito yanga tsiku limenelo inali kuwaperekeza kwawo, kumudzi kwa amayi awo, kuseri kwa Thekerani.

A Namakhwa ndi akazi awo anali a mpingo wosunga Sabata. Kwa iwo Sabata limayamba dzuwa likangolowa Lachisanu, ndipo kuchokera pamenepo mpaka Loweruka madzulo sagwira khasu, saikanso maliro. Uthenga unali utapita kale kumudzi kuti manda akumbidwe Lachisanu m'mawa. Thupi silinapite ku nyumba ya chisoni. Linagona pamphasa tsiku lonse la Lachinayi, akalipentala akukhoma bokosi, ndipo amene akudziwa dzuwa la Okotobala sindikufunika kumuuza zambiri.

Tisananyamuke, mayi Namakhwa anabwera pawindo langa, nsalu yakuda ili kumutu.

"Adalaivala, tikafika dzuwa lilipo?"

"Tikafika masana, mayi. Msewu ndimaudziwa."

"Chifukwa likalowa, mpingo sudzaika mpaka Lamulungu. Ndiye bambo awa sangafike Lamulungu."

Pafupi panali atsibweni awo a malemu, a Mulewa, nkhalamba yowonda yovala jekete ngakhale kunali kotentha. Iwowo sanali a mpingo uliwonse. Anafwenkha fodya wawo wam'mphuno n'kunena kuti, "Likalowa tiika mawa ife eni mbumba. Munthu saola chifukwa cha Sabata."

Mayi aja anangondiyang'ana ine. Ndinamva zimene sananene: mwamuna wawo, amene sanagwirepo sipanala pa Sabata zaka zonse zimene ndinamudziwa, aikidwe tsiku lomwelo, popanda nyimbo, popanda pemphero la mpingo wake.

Galimoto inali yakale koma yolimba, yokoka ndi matayala onse anayi, ya tenti kumbuyo. Bokosi tinaliika pakati, pamwamba pa matayala awiri akale kuti lisamagunde chitsulo. Amayi awiri a mpingo anakhala mbali ndi mbali. Mayi Namakhwa anakana kukhala kutsogolo, anati akhala ndi amuna awo. Kutsogolo ndinakhala ndi a Mulewa. Ndinamangirira masamba aawisi kumphumi kwa galimoto monga timachitira ponyamula maliro, n'kuyamba ulendo.

M'minda ya tiyi anthu othyola ankaika madengu pansi tikamadutsa, amuna akuvula zipewa. Pa galaja anzawo a malemu anaima pamzere atavala maovololo. Ndinachepetsa liwiro, koma sindinaime.

Kuchedwa koyamba kunali pa boma. Magetsi anali atathima, ndipo pamalo omwetsera mafuta ankapopa dizilo pamanja, galimoto imodzi imodzi. Patsogolo pathu panali mamatola ndi lole ya nkhuni. Anthu ofuna ulendo wa ku Thekerani ankathamangira kwa ife ndi akatundu awo, akufunsa mtengo asanafike n'komwe, koma akaona masamba aja ankabwerera chamsana. Mayi wina amene anali atagwira kale chitseko cha kumbuyo anagwada pomwepo n'kupepesa. Patapita nthawi dalaivala wa lole anatiwona, anatsika n'kukauza opopa aja kuti ayambe ndi ife. Pochoka pa boma, dzuwa linali litayamba kale kuotcha padenga.

"Mwati masana?" anafunsa a Mulewa.

"Tikadali bwino, madala."

Mpaka pa Makwasa tinayenda bwino ndithu. Titadutsa pamenepo msewu unaipa. Mvula ya chaka chatha inali itakumba ngalande pakati, ndipo pena msewu unali wa mizeremizere ngati malata, galimoto yonse ikunjenjemera. Ndinkayenda pang'onopang'ono chifukwa cha bokosi. Kumbuyo amayi aja ankaimba motsitsa mawu.

Itangodutsa 12 koloko, tikutsika kachitunda kena tisanafike pa Thekerani, tayala lakumbuyo la kumanzere linagwera m'dzenje lobisika ndi fumbi. Ndinamva phokoso ngati nkhuni yowuma ikuthyoka. Galimoto inapendekeka, n'kuyamba kuyenda chammbali, tayala likukhula thupi. Ndinaima.

Nditalowa pansi ndinaona vuto msanga. Sipuling'i, zitsulo zosanjikizana zija zimene zimanyamula galimoto, inali itathyoka pafupi ndi mutu wake wakutsogolo. Mutu umenewo ndi umene umagwira ekiselo, mtanda wachitsulo wolumikiza matayala akumbuyo, kuti isasunthe. Tsopano ekiselo inali itabwerera m'mbuyo mbali imodzi. Pamsewu wosalala ndikanalowetsa chipika n'kumanga ndi waya ndi mphira, n'kuyenda mwakachetechete. Koma kuseri kwa Thekerani kuli mitsetse yoopsa, phompho lili pambali. Sindikanaika anthu ndi maliro pa waya.

Mwayi unalipo umodzi. Kuseri kwa mpando kunali sipuling'i yakale yathunthu imene a Namakhwa omwewo anaimangirira kumeneko kalekale, akuti galimoto ya kumapiri siyenda yopanda inzake. Ndinkadandaula nayo chifukwa inkasokosera. Tsiku limenelo ndinaitulutsa ngati ndikunyamula mwana.

"Ntchito ya nthawi yaitali bwanji?" anafunsa mayi Namakhwa, atasuzumira pa tenti.

"Ola limodzi, mabawuti akalola."

Ndinathyola nthambi n'kuziyala pamsewu kutsogolo ndi kumbuyo, kuti galimoto ina ikabwera idziwe kuti pali yowonongeka. Sindinaganize china chilichonse. Koma kumudzi nthambi pamsewu zimanena maliro. Ndisanamalize n'komwe kukweza jeke, ndinaona mapazi a anthu kuchokera pansi pomwe ndinagona. Bambo wina wa njinga anatsika, akuikankha. Amayi anatuluka m'nyumba za pafupi, akumanga nsalu m'chiuno, akufunsana kuti wamwalira ndani pamudzi pano osamva iwo.

"Pepani, ndi galimoto yawonongeka," ndinatero ndili pansi.

"Nanga masambawa akutsogolowa?"

"Maliro aliponso. Ali m'katimu."

Sanafunsenso. Anakatenga mabenchi awiri ku tchalitchi cha pafupi n'kuwaika pansi pa mtengo wa mango. Amuna anandithandiza kutsitsa bokosi, poti galimoto inkafunika kupepuka. Amayi anayala mphasa n'kukhala mozungulira mayi Namakhwa, munthu amene sanamuwonepo, n'kulandira nyimbo kwa amayi a mpingo aja. Mmodzi anathyola nthambi n'kumaingitsa ntchentche. Ntchentchezo ndinaziona, ndipo sindinafune kuziyang'ana kawiri.

Manati anayi apansi pa ekiselo anavuta, koma nditawathira mafuta a mabuleki n'kuponda sipanala ndi phazi, analira n'kumasuka. Bawuti ya kumbuyo kwa sipuling'i inatuluka bwinobwino. Inatsala imodzi, ya kumutu kuja kunathyoka. Inali yaikulu ngati chala chamanthu, yofiira ndi dzimbiri, nati yake ili m'kati, mbali ya tchesesi, msana wachitsulo wa galimoto, pomwe diso silifika bwino. Matope a m'minda ya tiyi, osakanikirana ndi feteleza, anali ataumirapo ngati simenti.

Ndinakoka. Sinasunthe. Ndinathira mafuta a mabuleki, n'kudikira, n'kugogoda ndi hamala kuti alowe. Ndinakokanso. Sipanala inapulumuka, dzanja langa linakagunda chitsulo, khungu la pa zala linasupuka. Ndinaona kuti ngodya imodzi ya nati yayamba kudyeka. Apo ndinasiya kaye. Nati ikadyeka ngodya zonse, sipanala siigwiranso, ndipo ulendo umathera pomwepo.

Bambo wa njinga uja anati chapafupi pali wosula makasu, a Dinesi. Anapita kukawaitana. Anabwera munthu wamfupi wa mapewa otambalala, atanyamula paipi yaitali, hamala yaikulu, tchizulo, ndi mvukuto wake wa gudumu la njinga. Anasuzumira pansi osapereka moni kwa ine, poti anali atayamba wakagwada kaye ku maliro.

"Achimwene, galimotoyi mumaisambitsa koma?"

"Pamwamba pokha."

"Zikuoneka. Bwanji osangoidula?"

"Ndilibe bawuti ina. Ndikaidula, sipuling'i yatsopanoyo ndimangira chiyani?"

"Ndiye tiinyengerere."

Tinalowetsa paipi ku sipanala. Ine ndinagwira mutu wa bawuti ndi sipanala ina, iwo anapachikika kunsonga kwa paipi ndi thupi lawo lonse. Galimoto inagwedezeka pa jeke, anthu anabwerera m'mbuyo. Tinaika miyala ndi chipika pansi pa tchesesi n'kuyesanso. Sipanala inayamba kupindika. Nati ili chomwecho.

Ndinatuluka kukamwa madzi. Mthunzi wa mango unali utasuntha, ndipo anthu anali atasunthanso mabenchi kuutsatira. Galimoto imodzi yokha ndiyo inadutsa nthawi yonseyi, matola yodzaza anthu mpaka padenga, yolowera ku boma. Dalaivala wake anavula chipewa, n'kupita.

A Mulewa anandikokera pambali, koma analankhula mokweza kuti onse amve.

"Adalaivala, musavutike ndi zitsulo. Maliro akukana."

"Ndi dzimbiri, madala."

"Dzimbiri linasiya zina zonse n'kusankha imodzi? Mwanayu pali chimene sanakondwe nacho. Mundilole ndimuyankhule, ndimuthirire kaufa pansi."

"Zimenezo ayi," anatero mayi Namakhwa ali pamphasa. Mawu awo anali otsika koma osagwedera. "Bambo awa akugona. Samva, sakana. Zaufazo anazisiya asanandikwatire."

"Anazisiya ndi inu. Ife anatibadwira."

"Atsibweni, ndakupemphani."

Anthu a pamudzipo anayang'ana pansi. A Mulewa anakakhala pamwala, nkhope itatembenukira kumsewu. Patapita kanthawi anati, osayang'ana munthu, "Chabwino. Koma mawa m'mawa ndiika. Amene akufuna kukaimba akaimbe ku tchalitchi kwawo."

A Dinesi anati tiyese moto. Moto umakulitsa nati, dzimbiri n'kusweka. Ndinayang'ana thanki ya dizilo ndi paipi ya mabuleki, zonse pafupi. Tinazikuta ndi masaka onyowa, n'kuimika bambo wa njinga uja ndi ndowa ya madzi. Makala anayatsidwa pa chidutswa cha lata, tinachikweza pa njerwa mpaka chinafika pansi pa nati, a Dinesi akupukusa mvukuto. Mphira ya m'mutu wa sipuling'i inayamba kununkha, utsi wakuda unadzaza pansi ponse. Ndinkatsokomola, maso akulira okha. Nati itayamba kufiira tinachotsa lata msanga, kulowetsa sipanala ndi paipi, n'kukoka.

Inasuntha pang'ono, mwina ngati kukhuthala kwa chikhadabo, n'kuima nji. Kuima kwake sikunali kwa dzimbiri. Dzimbiri likalola limalira n'kumapita. Apa panali ngati pali munthu wagwira.

"Ameneyu ndiye ndani anamanga chonchi?" anatero a Dinesi, akupukuta thukuta. "Munthu wake ndikanamuwona ndikanamufunsa kuti anakwiyira ndani."

Sindinafune kuyankha, koma mawu anatuluka okha. "Ali pa benchipo."

A Dinesi anayang'ana bokosi, n'kuyang'ana ine, n'kugwira pakamwa. "Pepani. Sindinadziwe."

Mayi Namakhwa anali atamva. Anadzuka pamphasa, anabwera mpaka pa galimoto n'kugwada pafupi ndi tayala, zimene mayi wamasiye sachita pa maliro a mwamuna wake. Amayi a mpingo anawaitana, iwo sanacheuke.

"Adalaivala, mwati anamanga ndi bambo?"

"Galimoto iyi sinkagwiridwa ndi wina, mayi."

"Ndiye mwayang'ana kadontho?"

"Kadontho kanji?"

"Chinthu chikawavuta kumasukamasuka, ankachiwotcherera kadontho kamodzi kumbuyo, kosaoneka. Bedi lathu lachitsulo analitero. Posamuka ku malaini akale linakana kumasuka, anyamata anavutika nalo m'mawa wonse, mpaka tinagumula felemu ya chitseko. Iwo akubwera ku ntchito akungoseka, akuti mukanandifunsa, ndi kadontho kamodzi basi."

Pamenepo ndinakumbukira. Zaka zingapo m'mbuyomo ndinkabwerera ku galaja pafupipafupi ndi dandaulo lomwelo, kuti kumanzere kukugogoda, nati ikumasuka yokha. Tsiku lina a Namakhwa anandibwezera makiyi n'kunena kuti, "Pitani, simudzabweranso ndi nkhani imeneyi." Sindinabwerenso, ndipo sindinafunse chimene anachita.

Ndinadikira kuti chitsulo chizizire pang'ono, n'kupala kumbuyo kwa nati ndi nsonga ya sikuludiraiva. Matope opsa anagwa. Ndinapisa chala. Pomwe nati imakumana ndi mazinga a bawuti, mbali yoyang'ana tchesesi, panali kachotupa kosalala ngati njere ya chimanga.

"Kalipo," ndinatero.

A Mulewa anadzuka pamwala paja. "Ndimanena ine. Si dzanja lake limenelo?"

Palibe anawatsutsa. Mayi Namakhwa anabwerera pamphasa.

Malo anali opanikiza. Tchizulo inkalowa chopendekeka, ndipo hamala inalibe pokwezera. Ine ndinagwira tchizulo ndi dzanja losupuka lija, a Dinesi akumenya timikwapulo tatifupi, atagona chammbali mutu uli pa phewa langa. Tinkasamala kuti tisaphwanye mazinga. Kadontho kaja kanali kolimba kuposa bawuti yomwe. Tinkamenya, kupisa chala, kumenyanso. Potsiriza kanadumpha n'kundigunda pa tsaya. Nditaika sipanala, nati inalira kamodzi n'kuyamba kuzungulira ndi dzanja limodzi.

Amayi ena anayamba kuwomba m'manja, n'kukumbuka pomwe ali, n'kusiya.

Koma bawuti yeniyeniyo sinatuluke. Inali itagwirana ndi kapaipi kachitsulo ka m'kati mwa mphira, dzimbiri litazisandutsa chinthu chimodzi. Apa tsopano linali dzimbiri lenileni. Ndinabwezera nati kunsonga kuti hamala isaphwanye mazinga, a Dinesi n'kumenya. Phokoso linkabwerera kuchokera kuphiri. Bawuti osasuntha. Tinathira mafuta a mabuleki otsala, tinathira parafini amene mayi wina anakatsanula mu nyale yake. Tinabwezeranso moto mpaka mphira yonse inapsa n'kugwa zidutswa. Ndinazungulitsa mutu uku ndi uku, pang'ono pang'ono, kuti mafuta alowe.

Nditatulutsa mutu kuti ndipume, ndinaona kuti mthunzi wa galimoto wawoloka msewu. Ndinaleka kuyang'ana wotchi. Fungo linali litayamba kumveka mphepo ikatembenuka, ndipo amayi a pamudzipo anali atayatsa masamba a bulugamu chapatali pang'ono, osanena chifukwa chake.

A Mulewa anapita kukaima kumutu kwa bokosi. Analibe ufa m'manja. Anayang'ana mayi Namakhwa.

"Apongozi, ufa ndasiya. Koma mawu okha."

Mayi aja anayang'ana bokosi. Kenaka anati, "Ndi mwana wanu."

Nkhalamba ija inaika dzanja pa bokosi n'kuyankhula m'Chilomwe, motsitsa, ngati munthu akudzutsa mwana woti apite kusukulu. Chilomwe ndimachimva pang'ono. Anamutchula dzina lake laubwana. Anamuuza kuti ntchito yake taiona, ndi yolimba, palibe akutsutsa, koma tsopano asiye, amayi ake akhala padzuwa kuyambira m'mawa.

Ine ndinali nditagwira chitsulo chokhomera pansonga ya bawuti. A Dinesi anamenya. Anamenyanso. Ulendo wachitatu kapena wachinayi ndinamva m'dzanja kuti chapita. Bawuti inatuluka mbali inayo, yakuda, ikufuka utsi, n'kugwera m'fumbi.

Anthu akhala akundifunsa za nthawi imeneyo. Ndimayankha kuti tinali titaotcha kawiri, ndipo parafini anali atalowa. Ndimanenanso kuti a Mulewa anali atangomaliza kuyankhula. Zonsezo zinachitika.

Bawuti tinaiziziritsa ndi mchenga, osati madzi, kuti isasweke. Ndinaipala ndi tupa, n'kuipaka girisi. Kukweza sipuling'i ina ndi kubweza ekiselo pamalo pake kunafuna amuna anayi ndi mtengo wopanira. Mabowo anakana kulunjikana, tinatsitsa jeke, kukweza, kutsitsanso. Ndinamanga nati yomaliza. Bokosi linakwezedwa. Ndinafuna kulankhula ndi a Dinesi za ntchito yawo, iwo anandikankhira kuchiwongolero.

"Pa maliro? Pitani, dzuwa ilo. Paipi ndi tchizulo tengani, mwina zivutanso. Mudzandisiyira pobwerera."

Pa Thekerani tinadutsa osaima. Msika unali ukupasuka, ndipo a Sabata ankaoneka akufulumira ndi mitolo yawo kuti akafike kunyumba nthawi ilipo. Titapatuka kulowa kamsewu ka kumudzi, ndinalowetsa giya yokoka matayala onse n'kuyamba kutsika. Khutu langa lonse linali kumanzere kumbuyo. Bampu iliyonse ndinkadikira kumva kugogoda. A Mulewa anagwira chitseko ndi manja awiri, maso ali kuphiri la kumadzulo, kumene dzuwa linali litatsala pang'ono kukhudza mitengo.

"Pondani, adalaivala."

"Ndikaponda tikafika tonse m'mabokosi."

Mudziwo uli m'chigwa. Pamene tinkalowa, nyumba zonse zinali kale mumthunzi, dzuwa litabisika kuseri kwa phiri. Anthu anali atakhala pabwalo kuyambira m'mawa, ndipo atangoona galimoto kulira kunabuka. Mayi Namakhwa anatsika ndisanaimitse bwino. Sanapite kwa apongozi awo aakazi. Anapita molunjika kwa mkulu wa mpingo, bambo wamtali wa tayi yakuda, n'kugwada.

"Akulu, tachedwa?"

Mkulu uja anayang'ana kumadzulo, kumene kunalibe dzuwa. Anthu a mpingo anali atayamba kale kunong'onezana, ena akupukusa mitu. A Mulewa anatsika n'kuima kumbuyo kwa mayi aja, manja ali m'thumba la jekete, akudikira. Mkuluyo anatembenuka n'kuyang'ana mbali ina, kumtunda, kumene kuli manda a mudziwo pamsana pa kaphiri. Mitengo ya kumandako inali ikadali yofiira ndi dzuwa.

"Kuno lalowa," anatero. "Kumanda likadalipo. Nyamulani."

Bokosi silinalowe m'nyumba. Analitsegula pang'ono pabwalo pomwepo kuti amayi awo a malemu aone nkhope, n'kutseka msanga. Achinyamata analinyamula chothamanga kukwera chitunda, nyimbo ikuwatsatira m'mbuyo, okalamba akutsalira m'njira. Titafika pamwamba dzuwa linatiwombanso kumaso, theka lake lili pamwamba pa phiri. Ulaliki unali wa mawu ochepa. Mkulu uja anapemphera, bokosi linatsika, mayi Namakhwa anaponya dothi lawo. Makasu anayamba kugwira ntchito mofulumira.

Dzenje litangodzaza kufika pakamwa, kuwala kunachoka pamitengo. Mkulu wa mpingo anakweza dzanja. Amuna a mpingo anaika makasu pansi pomwe anaima, n'kuyamba nyimbo yolandira Sabata. Mtumbira unali usanaumbidwe, dothi lambiri lili pambali.

A Mulewa anavula jekete lija koyamba tsiku lonse. Anatola khasu limodzi, lina anandipatsa ine.

"Inu ndi ine tilibe Sabata lero," anatero.

Tinaunjika dothi pamodzi ndi adzukulu ena amene sanali a mpingowo, a mpingo akuimba chapambali. Mayi Namakhwa anakhala pansi, akutiyang'ana. Titamaliza, a Mulewa anasalaza mtumbira ndi kumbuyo kwa khasu, mbali zonse, mosamala. Podutsa pafupi ndi mayi aja anaima pang'ono.

"Waikidwa Lachisanu," anatero. "Mwaona nokha."

"Ndaona, atsibweni. Zikomo."

Ndinagona m'galimoto, zala zikupweteka.

M'mawa kutacha, anthu akusamba kukonzekera ku tchalitchi, ndinalowa pansi ndi sipanala kuti ndione ntchito yanga ndisanayambe ulendo wobwerera. Manati anayi apansi anali bwino. Bawuti ya kumbuyo inali bwino. Nditagwira nati ija ya kumutu, inazungulira ndi zala. Msewu wa dzulo lokha unali utaimasula, ndipo inali itatsala mazinga ochepa kuti igwe. Ndinagona pamenepo kanthawi, ndikuiyang'ana, ndikuganiza za mitsetse ija.

Ndinaimanga mpaka paipi ya a Dinesi inalira. Makina owotcherera kadontho kunalibe, koma tchizulo ndinali nayo, yoti n'kuphwanyira mazinga pang'ono kuti nati isamasukenso. Nditagwira tchizuloyo ndinakumbuka kuti ndili pabwalo la anthu osunga Sabata, pakhomo la maliro. Ndinatsanzika, ndinaliza galimoto n'kukwera chitunda chonse mpaka pomwe mudzi sunkaonekanso. Pamenepo ndinaima, ndinalowanso pansi, ndinaika tchizulo pa mazinga kumbuyo kwa nati, mbali yosaoneka ija, n'kumenya kamodzi.